Kumanganso ndi kuseta stiyaringi ya Land Rover Series III pakhomo panu

Mwamasula stiyaringi yonse, mwagula mabolojointi atsopano, mwamanga, mwalowa mumsewu, koma galimoto ikuyenda ngati nkhanu. Chiwongolero chapendama, kumanja ikukhota bwinobwino koma kumanzere ikukanika mpaka mubwerere kaye kumbuyo pa kona ya pamsika anthu akukuyang'anani, ndiye pakutha miyezi iwiri matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi ngati wina amawapala ndi mpeni usiku. Izi ndaziona kambirimbiri pa ma Series III, aja anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, kaya ndi yaifupi ya 88 kaya yaitali ya 109, ndipo nthawi zambiri sipeya imakhala ilibe mlandu. Anthu amangoyambira kumapeto basi. Amazula chiwongolero nkuchibwezera chowongoka, ati alayimenti yatha.

Ndondomeko ndi iyi ndipo musaidumphe: kuchotsa kugwedera konse, kupeza pakati pa bokosi, relay, matayala, drag link, ndiye chiwongolero pamapeto penipeni. Zonse ndikunena apa ndi za galimoto ya chiwongolero kumanja, ngati zathuzi.

## Zofunika kukhala nazo

- Jeke ndi ma stand awiri olimba, kapena zipika za mtengo wouma. Njerwa ayi, zimaphwanyika osakuchenjezani.
- Masipanala a mainchi, kuyambira 7/16 mpaka 3/4, ndi 27 ya manati a matayala. Zomaliza za m'ma 1980 zinayamba kusakaniza ndi manati a mamilimita ndiye khalani ndi seti zonse ziwiri.
- Thoki renchi. Bwerekani ngati mulibe.
- Chozulira mabolojointi, kapena mahamala awiri olemera, ndi puller ya drop arm.
- Sipanala ya mapaipi, pulaya, bulashi ya waya.
- Sikelo yopachika ija amagulira soya ndi nandolo. Muiyese kaye ndi paketi ya shuga ya 1 kg, mukudziwa kale mbiri ya masikelo amenewa.
- Oyilo wa EP90 lita imodzi, girisi, ndi dizilo pang'ono wofewetsera dzimbiri.
- Ma split pin atsopano, choko, panchi kapena penti yolembera.
- Chitsulo cha square tube cha mamita awiri, tizitsulo tiwiri tating'ono, bawuti ya M8 ndi nati yake. Izi ndi za geji, ndifotokoza kutsogoloku.
- Munthu wachiwiri. Olo mwana wa sukulu bola akhale womvera.

Tigwirizane mayina kaye kuti tisasokonezane. Pansi pa chiwongolero pali bokosi, pa bokosi pali drop arm, mkono wachitsulo womangidwa pa shafiti yotuluka mu bokosimo. Kuchoka apo paipi yoyamba imapita kutsogolo motsata chesisi mpaka pa relay, chija chinalowa mu chitsulo chopingasa cha kutsogolo kwa chesisi, chili ndi mkono pamwamba ndi mkono pansi. Mkono wapansi umakoka paipi yachiwiri, drag link, yomwe imapita ku tayala lakumanzere. Paipi yachitatu, track rod, imalumikiza matayala awiri. Mapaipi atatu, mabolojointi sikisi.

## 1. Ikani zizindikiro musanamasule kanthu

Matayala ali chowongoka, menyani panchi pa drop arm ndi shafiti yake, pa mikono iwiri ya relay ndi shafiti yake, pa chiwongolero ndi shafiti yake. Yezani paipi iliyonse kuchoka pakati pa bolojointi imodzi kufika pakati pa inayo, lembani pa khoma ndi choko, jambulaninso pa foni. Ngati mwamasula kale osalemba, musadandaule, zitheka, kungoti mutaya theka la tsiku.

Chenjezo: zizindikiro zikukuuzani mmene zinalili, osati mmene zikuyenera kukhalira. Galimoto ya zaka zoposa 40 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri ndipo wina mwa iwo analakwitsa ndithu.

## 2. Sakani kugwedera konse

Alayimenti pa galimoto yogwedera ndi kutaya nthawi. Galimoto ili pansi pa matayala ake, mnzanuyo azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mofulumira koma pang'onopang'ono, inu mugone pansi ndi tochi muziyang'ana mfundo iliyonse, kuyambira pa bokosi mpaka ku matayala. Ikani dzanja pa bolojointi iliyonse, dzanja limamva zomwe diso laphonya. Onani ngati bokosi lenilenilo likusuntha pa bulaketi yake, ngati relay ikuvina mu chesisi, ngati mikono ya relay ikutsetsereka pa mano ake, ndi manati anayi aja omanga mkono wa stiyaringi pansi pa swivel, chibokosi chokuta mpira wachitsulo kumapeto kwa ekiselo pomwe tayala limakhotera. Amenewa akamasuka ndi ngozi yeniyeni, osati nkhani ya matayala kudyeka chabe.

Kenako masipuling'i. Ma U-bolt akhale olimba, mabushi a masipuling'i asakhale oti atha mpira, ndipo bawuti yapakati pa sipuling'i ikhale yosaduka. Ikaduka imeneyi ekiselo imasunthira kumbuyo mbali imodzi, galimoto nkumayenda chammbali, ndiye mutha kuseta track rod mpaka Khrisimasi osapindula kanthu. Yezani ndi tepi kuchoka pakati pa habu yakutsogolo kufika pakati pa habu yakumbuyo, mbali zonse ziwiri zifanane.

Kwezani kutsogolo. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, gwedezani. Likagogoda, mnzanu aponde buleki mugwedezenso. Kugogoda kukatha ndiye kuti ndi mabeyaring'i a habu, akufuna kuseta. Kukapitirira, ndi swivel.

## 3. Setani ma swivel

Apa mpomwe ambiri amadumpha chifukwa ndi ntchito yonyansa, oyilo paliponse, koma kunjenjemera kuja kumabwera mukamenya bampu pa 60, chiwongolero nkumafuna kukuthyolani zala, kawirikawiri kumachokera pano. Swivel ya Series III ili ndi bushi ya Railko pamwamba ndi beyaring'i pansi, ndipo kulimba kwake kumasetedwa ndi mashimu, timawashala topyapyala tija tili pansi pa pini yapamwamba.

Chotsani tayala, chotsani track rod ndi drag link pa mkono, khuthulani oyilo wa mu swivel, masulani silo yaikulu yakumbuyo ikhale lende. Kolekani sikelo pa bowo la track rod, kokani mosathamanga, werengani habu ikayamba kuyenda, osati poyambira penipeni pomwe imakakamira. Mukufuna pakati pa 3.6 ndi 4.5 kg. Ikachepa chotsani shimu imodzi yopyapyala, ikachuluka onjezerani. Mbali zonse ziwiri zikhale zofanana momwe mungathere.

Chenjezo: mukamazula pini yapamwamba ikani jeke pansi pa habu, apo ayi habu igwera kunja nkukoka paipi ya buleki. Ndipo mashimu onse akatha koma kulimba kulibe, bushi yatha, gulani ina. Musasule mashimu a chitini cha mafuta ophikira.

Yang'ananinso mpira wachitsulo wonyezimira uja. Ukakhala ndi timaenje ta dzimbiri umadya silo ndipo oyilo sakhalitsa. Bwezerani silo, thirani EP90 mpaka atulukire pa bowo lothirira.

## 4. Mangani bokosi osalikakamiza

Bokosi limamangidwa pa bulaketi yochokera ku chesisi komanso kumbali ya bodi, ndiye paipi yake yaitali imagwiridwa ndi kilampu pa dashi. Lowetsani mabawuti onse ndi dzanja, osalimbitsa olo imodzi. Onani kuti paipi yakhala yokha pamalo pake pa kilampu popanda kuikoka. Pakakhala mpata pakati pa bokosi ndi bulaketi bwezerani tizitsulo totsekera mpata tomwe munatipeza pomasula, musatseke mpatawo ndi mphamvu ya sipanala chifukwa mupinda paipi ndipo chiwongolero chizilimba pena nkumafewa pena. Zonse zikakhala bwino limbitsani, pindani malata okhoma mabawuti aja.

Onaninso bulaketi ndi bodi pamalo amenewa ngati pali mng'alu kapena dzimbiri labowola. Pansi pa mapazi a dalaivala pamawola kwambiri pa galimoto zimenezi, ndipo bokosi lomangidwa pa chitsulo chowola limasuntha lonse mukamakhota.

Thirani EP90 mu bokosi. Girisi ayi. Ndikudziwa ambiri amapakira girisi kuti lisiye kudontha, koma girisi amakankhidwira mmbali timipira ta mkatimo nkumayenda pouma.

## 5. Pezani pakati pa bokosi, ikani drop arm

Sitepe imeneyi ndiye mutu wa nkhani yonse. Paipi yoyamba isanalumikizidwe, ikani chiwongolero mongoyembekezera, osamanga nati. Zungulizani mpaka kumapeto kumanzere, mofatsa, osamenyetsa. Ikani kachingwe kapena tepi pamwamba pa chiwongolero. Zungulizani mpaka kumapeto kumanja mukuwerenga maulendo, mpaka ka theka ndi ka kota komwe. Gawani pawiri, bwererani ndi nambala imeneyo. Pamenepo ndiye pakati pa bokosi. Bwerezani kawiri kuti mutsimikize, ndiye lembani chizindikiro pa shafiti ndi pa paipi, ndipo mangani chiwongolero ndi chingwe ku mpando kuti chisasunthe. Kuyambira pano mpaka kumapeto, bokosi silisuntha. China chilichonse chikuyenera kubwera kudzakumana ndi bokosi.

Tsukani mano a shafiti ndi a drop arm ndi bulashi ya waya, lowetsani potsata chizindikiro cha pa shafiti ndi chanu chija, ikani washala wokhoma watsopano, mangani nati ndi thoki renchi pakati pa 81 ndi 108 Nm, pindani washala. Musaimenye ndi hamala polowetsa kapena pozula, kumenya kumapita mkati mwa bokosi.

Tsopano pulei ya bokosi, kugwedera kwa mkati mwake. Pambali pake, mukasuzumira pansi pa madigadi mutachotsa kachivundikiro, pali bawuti yosetera ndi nati yokhoma. Bokosi lili pakati, masulani nati, lowetsani bawutiyo ndi dzanja mpaka kugwedera kwa shafiti ya drop arm kungotha kumene, imani pomwepo, gwirani bawuti mukulimbitsa nati. Masulani chingwe kaye, zungulizani uku ndi uku mumve ngati pali pomwe pakugwira, kenako bwererani pa chizindikiro chanu.

Chenjezo: bokosi lakale limatha kwambiri pakati chifukwa ndi pomwe limakhalitsa. Mukalimbitsa kuti pulei yonse ithe ndi mphamvu, chiwongolero chimasiya kubwerera chokha mukatuluka pa kona, ndipo galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu kuposa kale chifukwa mukuiwongola ndinu nthawi zonse. Ka pulei kochepa pa Series nkachibadwa, iyi si Corolla.

## 6. Relay

Igwireni ndi dzanja mkono wake musanalumikize mapaipi. Iziyenda molimbirako koma mosalala, osagogoda, osakakamira. Yambiri imakhala youma chifukwa palibe amakumbuka kuti imafuna oyilo. Masulani timabawuti tiwiri ta pa chivundikiro chapamwamba, kamodzi kothirira kena kotulutsira mpweya, thirani EP90 ndi sirinji pang'onopang'ono mukugwedeza mkono, mpaka atulukire pa bowo linalo. Zimatenga nthawi, pitani mukamwe tiyi mubwerenso. Akangodutsa nkutulukira pansi ndiye kuti silo yapansi yatha.

Chenjezo lalikulu: mkati mwa relay muli sipuling'i yopanikizidwa mwamphamvu. Mukangokankha shafiti kuti ituluke, sipuling'i ndi mabushi zimauluka ngati mwala wa legeni. Ngati simunaiphwasulepo, musayambire pa nkhope yanu, sinthani yonse kapena pitani nayo kwa wodziwa.

Kuizula mu chesisi ndi nkhondo ina, dzimbiri limaigwira ngati anawotcherera. Ithirireni dizilo masiku angapo musanayambe. Poika ina pakani girisi thupi lonse kuti wobwera pambuyo panu asadzakutukwaneni, ndipo mbale yapansi ija yoigwira kuti isavine imangidwe bwino.

Mikono: wapansi uloze kutsogolo motsata chesisi, wapamwamba ukhale chopingasa kuyang'ana komwe paipi yoyamba ikuchokera, potsata zizindikiro zanu. Mabawuti otsina mikono amafuna 75 Nm. Dzino limodzi lokha mukaphonya apa, galimoto izikhota kwambiri mbali imodzi kuposa inzake.

## 7. Mabolojointi ndi mapaipi

Paipi iliyonse ili ndi mazinga akumanja mbali imodzi ndi akumanzere mbali inayo, cholinga choti mukaizunguliza italike kapena ifupike osamasula bolojointi. Ndiye pogula nenani kuti atatu akumanja, atatu akumanzere. Ndipo tengani yakale popita kogula, kaya ndi ku Biwi kaya ku Limbe, chifukwa pali mitundu iwiri: yakale ya Series II ndi IIA ili ndi kagawo kosalala kopanda mazinga, ya Series III ili ndi mazinga mpaka kumapeto, ndipo mapaipi ake mkati ndi osiyananso. Mukasakaniza imalowa ndithu, koma kilampu sigwira bwino, tsiku lina imasolola mazinga muli pa liwiro. Galimoto zathuzi zinasakanizidwa kalekale ndiye musakhulupirire chaka cha pa blue book, suzumirani mkati mwa paipi.

Gubuduzani paipi iliyonse pa simenti yosalala. Track rod ya Series ili kutsogolo kwa ekiselo, ndiye chitsa chilichonse cha m'munda ndi mwala uliwonse wa pa mtsinje zimayamba kupatsa moni iyoyo. Yopindika sinthani. Yowongola ndi moto imadzapindikanso pomwepo.

Tsukani mazinga, pakani girisi, lowetsani mabolojointi awiri mofanana, kuwerenga maulendo, kuti mazinga otsala kunja akhale ofanana mbali zonse. Koma pa pini yosongoka ija yolowa mu mkono musapake girisi, ikhale youma ndi yoyera. Nati yake 40 Nm, ndipo ngati ndi nati ya mipata, bowo la split pin likapanda kukumana onjezerani kulimbitsa pang'ono mpaka likumane, osabweza mmbuyo. Msomali si split pin, akuluakulu.

Yambani ndi paipi yoyamba: bokosi lili pakati, mkono wapansi wa relay ukuloza kutsogolo, talikitsani kapena fupikitsani paipi mpaka mapini alowe okha osakoka chilichonse. Kenako track rod, pa muyeso munalemba pa khoma uja. Drag link ilumikizeni koma makilampu ake asiyeni omasuka.

## 8. Kuseta matayala

Series III imafuna kutsogolo kwa matayala kuyandikane pang'ono kuposa kumbuyo, ndi 1.2 mpaka 2.4 mm basi, kuyezera pa rimu. Ndi kochepa kwambiri, diso silingaone, tepi yoyezera nsalu singakwanitse, ndiye nchifukwa chake tikupanga geji.

Kwa wowotcherera, chitsulo cha mamita awiri chija chigone pansi, tizitsulo tiwiri tiimirire kumapeto, kutalika kwake kufike pakati pa habu, mpata wake ukhale woti galimoto ikwane pakati. Pa kamodzi awotcherere kansonga koloza mkati, pa kenako nati ya M8 kuti bawuti izilowa choloza mkati. Ubwino wa M8 ndi uwu: ulendo umodzi wa bawuti ndi 1.25 mm ndendende. Ndiye simukufunikanso rula, mungowerenga maulendo. Lembani kamzere pa mutu wa bawuti.

Mpweya ukhale wofanana matayala onse awiri, galimoto ikhale pansi pa malo osalala, opanda katundu. Ikankheni kumbuyo pang'ono kenako kutsogolo mamita atatu kapena anayi, iime yokha osaponda buleki mwamphamvu, kuti zonse zikhale mmene zimakhalira poyenda. Lembani choko pa mlomo wa rimu iliyonse kumbuyo, pa msinkhu wa habu. Ikani geji kumbuyo kwa matayala, kansonga kakhudze rimu pa choko, lowetsani bawuti mpaka ingokhudza rimu inayo. Tsopano osaigwira bawuti, chotsani geji mosamala, kankhani galimoto kutsogolo theka la ulendo wa tayala kuti choko chija chibwere kutsogolo pa msinkhu womwewo, ikani geji kutsogolo. Tikuyeza pa malo amodzimodzi a rimu chifukwa marimu akalewa palibe lowongoka olo limodzi.

Pakuyenera kukhala kampata pakati pa bawuti ndi rimu. Werengani maulendo mpaka ikhudze. Ulendo umodzi ndi theka ndiye pabwino penipeni. Osachepera umodzi, osafika awiri. Geji ikakana kulowa kutsogolo ndiye kuti matayala atasa, akuyang'ana kunja.

Kukonza kwake, masulani makilampu awiri a track rod, zungulizani paipi ndi sipanala ya mapaipi. Poti ili kutsogolo kwa ekiselo, kuifupikitsa kumabweretsa matayala mkati, kuitalikitsa kumawatasa. Zungulizani kota ya ulendo basi, kankhaninso galimoto kumbuyo ndi kutsogolo, yezaninso. Mudzabwereza katatu kanayi, nzabwinobwino.

Musanamange makilampu, gogodani pang'ono mitu ya mabolojointi onse awiri kuti ipendamire mbali imodzi mpaka kumapeto. Mukatero paipi imatha kugwedezeka momasuka ndi dzanja mukamaliza kumanga. Mukamanga wina atapendamira kutsogolo wina kumbuyo, paipi imauma gwa ndipo mabolojointi atsopanowo satha chaka. Makilampu safuna mphamvu zambiri, timabawuti take ntating'ono, 14 Nm yakwana.

Chenjezo: nambala imeneyi ndi ya Series yomwe pa tala imayendera matayala akumbuyo okha. Defender, Range Rover yakale ndi 109 ija ya V8 zimakoka ndi matayala onse nthawi zonse ndipo zimafuna matayala atase pang'ono, ndiye pa Defender track rod ili kumbuyo kwa ekiselo, zonse ndi zotembenuza. Mukapita pa makina a kompyuta nkukusankhirani Defender poti dzina ndi Land Rover, mwagula matayala ena.

## 9. Drag link

Tsopano matayala akugwirizana okhaokha, chatsala nkuti agwirizane ndi bokosi. Bokosi lili pa chizindikiro chake, kokani chingwe kuchoka ku tayala lakumbuyo kudutsa lakutsogolo pa msinkhu wa habu, mbali zonse ziwiri, muone ngati akutsogolo akuloza kutsogolo mofanana. Zungulizani drag link mpaka afanane. Akamaloza kumanzere ifupikitseni, akamaloza kumanja italikitseni. Gogodani mitu ngati poyamba paja, mangani makilampu, ndipo onetsetsani kuti mabawuti a makilampu sakukhula track rod kapena sipuling'i mukakhota mpaka kumapeto. Ngati yanu ili ndi damper, shoko ija ya pa stiyaringi, ibwezereni pano.

Drag link sisintha muyeso wa sitepe 8, ndiye musaope kuigwira.

## 10. Mabawuti oimitsa kukhota

Pa swivel iliyonse pali kabawuti kokhala ndi nati yokhoma komwe kamaletsa tayala kupitirira. Kwezani kutsogolo, khotetsani mpaka kumapeto. Chomwe chikuyenera kuimitsa ndi kabawuti kameneka, osati bokosi kufika kumapeto kwake, osatinso tayala kukhula sipuling'i kapena chesisi. Siyani mpata woti chala chilowe momasuka pakati pa tayala ndi chitsulo chapafupi. Amene munaika matayala a 7.50 pa 88 kapena otambalala kuposa apo, mukuyenera kutulutsako mabawutiwa, galimoto izikhota motalikira, palibe kuchitira mwina. Werengani maulendo a chiwongolero kuchoka pakati kupita kumanzere, ndi kuchoka pakati kupita kumanja. Akafanana mwakhoza.

## 11. Chiwongolero, tsopano

Zulani chija munangoika mongoyembekezera, bokosi lili pakati, chibwezereni chowongoka pa dzino lapafupi, onani kuti kotembenuzira ma indicator kali pamalo pake, mangani nati 54 Nm. Pozula chiwongolero chokakamira, siyani nati ili pa mazinga angapo. Chimachoka mwadzidzidzi ndipo chimalunjika pa mphuno.

## 12. Kuyesa mumsewu

Musanadzutse injini yendani mfundo zonse ndi sipanala, muwerenge ma split pin. Yambani pang'onopang'ono pabwalo, kenako msewu wa tala wowongoka. Kumbukirani kuti tala inapendekera kumanzere kuti madzi azitsika, ndiye kukokera kumanzere pang'ono sikulakwa, yesani pakati pa msewu pomwe palibe magalimoto. Chiwongolero chikakhala chopendamira kumanja pomwe galimoto ikupita chowongoka, fupikitsani drag link pang'ono, chikapendamira kumanzere italikitseni. Osazula chiwongolero, osagwira track rod. Pakatha makilomita 100 a msewu wa fumbi gonaninso pansi mulimbitse ma U-bolt, mikono ya relay ndi manati a pansi pa swivel.

## Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kuzula chiwongolero pofuna kubisa kupendama. Ine zinandichitikira ndi 109 yanga nditangoigula, ndinaisiya pa galaja ina kuti asinthe mabolojointi, pokaitenga chiwongolero chili bwinobwino chowongoka, ndinalipira mosangalala mpaka ndinamugulira mnyamatayo fanta. Sabata yotsatira ndikukwera Gorodi kupita ku Livingstonia, makona akumanja ikudutsa kamodzi, akumanzere mpaka kubwerera kumbuyo kawiri phompho lili apo, buleki ya ma dramu, mayi anga aang'ono kumbuyo akuyimba nyimbo za maliro. Nditabwerako nkuwerenga maulendo, bokosi linali litachoka pakati pafupifupi theka la ulendo. Drag link anaimanga yaifupi momwe inabwerera mmanja, nkuwongolera pa chiwongolero.

Kuyeza matayala galimoto ili pa jeke, kapena kuyeza pa mphira m'malo mwa rimu. Mphira ili ndi zilembo ndi zotupa, 2 mm imasowa mmenemo.

Kuika damper yatsopano pofuna kuthetsa kunjenjemera. Imabisa kwa miyezi ingapo, swivel ikupitiriza kutha.

Kulimbitsa bawuti ya bokosi pomwe pulei ili pa relay kapena pa mabolojointi. Pulei ya Series imakhala yosonkhana, pang'ono apa pang'ono apo mfundo zonse, nchifukwa chake sitepe 2 ija imafuna kugona pansi ndithu.

Kuwotcherera mkono wa relay pa shafiti poti mano atha, kapena kuwotcherera drop arm yosweka. Izi musachite olo COF ikhale mawa.

Kumenya pa mazinga a bolojointi pozula. Menyani mmbali mwa diso la mkono, hamala ina itatsamira kuseri, pini imadumpha yokha. Ndipo nati ikhale ilipo pa mazinga awiri atatu kuti paipi isakugwereni pa chipumi.

Matayala osiyana kutsogolo, lina latsopano lina lakutha, kapena lina radial lina la nayiloni lakale lija. Galimoto izikokabe mbali imodzi olo zonse zili pa muyeso. Musanamasule chilichonse sinthanitsani matayala awiri akutsogolo, kukoka kukasamukira mbali inayo ndiye kuti vuto ndi tayala, track rod isiyeni.